Wrestling ya WWE: ngati ndi sewero, bwanji osewera ake amatha thupi msanga chonchi?

Chisomo_Ndirande

Akuluakulu, ndithandizeni. Tonse tikudziwa kuti wopambana mu wrestling amakhala atasankhidwa kale, ndipo zibakera zambiri sizifika n'komwe pankhope. Nanga bwanji ambiri amene tinkawaonera m'mavidiyo sho anamwalira asanakwanitse zaka 50, ena akuyendera ndodo, ena makosi anawamanga ndi zitsulo? Eddie Guerrero anapita ali ndi zaka 38, Umaga 36. Chimawapweteka kwenikweni n'chiyani: kugwa kuja, mipando ija, kapena mankhwala? Ndipo pansi pa ring'i paja si pali matiresi?

Bambo_Kalua

Achimwene, matiresiwo achotseni m'mutu. Ring'i ya WWE ndi ya mafiti 20 mbali zonse, pafupifupi mamita 6. Pansi pali felemu yachitsulo, pa zitsulozo amayalapo matabwa okhuthala, kenako kasiponji kopyapyala, n'kukutira ndi chinsalu cholimba. Basi. Chothandiza pang'ono n'choti pakati pa ring'i zitsulo ndi matabwa zimanepa munthu akagwerapo, ndiye mphamvu ina imathera momwemo. Chiphokoso mumamva chija ndi matabwa akumenyana ndi zitsulo. Mukamasendera kumphepete kunepako kumachepa, ndipo m'mbali mwa kunja kwa zingwe, pamene amati apron, pansi pake ndi felemu yeniyeniyo. Mukaona munthu wamenyetsedwa pamenepo mumumvere chisoni ndithu. Kunja kwa ring'i ndi simenti yofunditsidwa kamphasa ka labala.

Phunziro loyamba kusukulu ya wrestling ndi kugwa, eni ake amati bump. Kugwa chagada kumayenda motere: umagunditsa chibwano pachifuwa, umaponya miyendo kutsogolo, n'kufikira pansi ndi kumtunda kwa msana, pakati pa mapewa, msana utayalika nthawi imodzi. Nthawi yomweyo manja amatambasuka n'kumenya pansi ndi zikhatho, mapazi amaponda, mpweya umautulutsa. Cholinga n'choti mphamvu ya kugwako imwazikane pamalo aakulu. Ukaphonya chimodzi mwa izi umalipira pompo. Ukaiwala chibwano, nkhongo imakamenya thabwa. Ukatsogoza chigongono, chimatupa madzi kapena fupa limabenthuka. Ukatsogoza dzanja kuti udzitchinjirize, monga mmene thupi limafunira mwachibadwa, mkono umathyoka kapena phewa limaguluka. Ukafikira matako, mafupa a m'munsi mwa msana amapanikizana. Ukasunga mpweya, umabanika osatha kudzuka.

Koma pagona nkhani ndi apa: ngakhale bump yoichita bwino bwanji, khosi ndi ubongo zimagwedezekabe. Luso limangochepetsa, silichotsa. Ndiye werengerani kugwa kangapo pa ndewu imodzi, ndewu zingapo pa sabata, kwa zaka 15 kapena 20. Chitsanzo chabwino ndi Hulk Hogan. Leg drop yake ija, yodumpha n'kugwetsera mwendo pa mnzake wogona pansi, inkaoneka yosaopsa poyerekeza ndi zodumpha za masiku ano, koma ndi munthu wa makilogalamu pafupifupi 135 akudumpha n'kufikira thako ndi nyonga usiku uliwonse. Womenyedwayo sankamva kanthu kwenikweni, wovulala anali mwini wakeyo, ndipo anadzathera m'maopaleshoni ambirimbiri a msana, mawondo ndi nyonga.

Zingwe nazo si zofewa. Za WWE ndi zingwe zenizeni zokulunga tepi, makampani ena amagwiritsa ntchito mawaya achitsulo ovekedwa labala, zonse zokokedwa mpaka kuuma gwa. Pothamangira zingwe umayenera kuzigunda ndi m'mbali mwa msana, dzanja litagwira chingwe chapamwamba, ndipo ophunzira atsopano amatuluka mikwingwirima m'nthiti masabata oyamba. Zikakungika mopitirira ndi ngozi: Mick Foley anadukira khutu ku Munich mu 1994, polimbana ndi Vader, mutu wake utakodwa pakati pa zingwe ziwiri.

Kenako pali zong'ambika mwadzidzidzi, zimene nthawi zambiri zimachitika pa chinthu wamba. Triple H anangoponda mwamphamvu pothamangira kukalanditsa mnzake pa Raw, pulogalamu ya WWE ya sabata iliyonse, mu Meyi 2001, mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu n'kuduka pamwamba pa bondo. Anamaliza ndewuyo, koma anabwerera mu Januwale 2002, ndipo mu 2007 mwendo winawo unachitanso chimodzimodzi. Seth Rollins ku Dublin mu Novembala 2015 anafikira molakwika pang'ono, bondo n'kupindikira mkati, mitsempha iwiri ya bondo ndi kachichereŵechereŵe ka mkati zonse n'kuonongeka. Phazi likakhazikika pa chinsalu pamene thupi likutembenuka litanyamula munthu wina, chimalephera ndi bondo.

Naphiri_BT

Bambo Kalua afotokoza bwino za pansi. Ine ndiwonjezere za khosi ndi ubongo, chifukwa bondo amakonza, koma ziwirizi ndi zimene zimathetsa ntchito ndi moyo.

M'khosi muli mafupa 7, madokotala amawatchula C1 mpaka C7, ndipo pakati pawo pamadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Khosi limapirira kupindika pang'ono, koma silipirira kulemera kofikira paliwombo mutu utaweramira kutsogolo. Pamenepo mafupawo amakhala atandondozana mowongoka, ndiye mphamvu yonse imatsika nawo mpaka limodzi litaphwanyika kapena kusuntha. N'chifukwa chake piledriver, yonyamula munthu chadodolido n'kugwa naye mutu wake utaloza pansi, ndi yoopsa. Kuti iyende bwino, mutu wa wonyamulidwayo uyenera kupanidwa pakati pa ntchafu osatulukira kunsi, kuti chofika pansi chikhale matako kapena mawondo a wonyamulayo. Pa chionetsero chachikulu cha SummerSlam mu 1997 mutu wa Steve Austin unatsika kwambiri m'manja mwa Owen Hart, n'kumenya pansi. Anafa ziwalo kwa kanthawi ali mu ring'i momwemo, anadzachitidwa opaleshoni ya khosi mu 2000, ndipo pofika 2003 anali atasiya. Kusiyana kwa usiku wabwino ndi umenewo ndi masentimita ochepa chabe.

Ena sanachite mwayi wotero. Darren Drozdov anagwera mutu pa powerbomb (kunyamula munthu m'mwamba n'kumumenyetsa pansi chagada) imene inapulumuka m'manja mu Okutobala 1999, ndipo anakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2023. Mitsuharu Misawa anakomoka mu ring'i ku Hiroshima mu Juni 2009 n'kumwalira usiku womwewo, ali ndi zaka 46, pa suplex (kunyamula munthu n'kumuponya chagada) imene anali atailandirapo kosawerengeka. Big E mu Malichi 2022 anaponyedwa kunja kwa ring'i, sanatembenuke mokwanira m'malere, n'kufikira paliwombo: C1 ndi C6 zinathyoka, koma mtsempha unapulumuka. Kumtunda kwa khosi n'koopsa kwambiri chifukwa mitsempha yoyendetsa kupuma imatulukira cha pa C3 mpaka C5.

Zitsulo mukunenazo ndi opaleshoni yolumikiza mafupa. Amachotsa kambale kofewa kamene kali pakati pa mafupa awiri, n'kuikapo chidutswa cha fupa, n'kumanga ndi kachitsulo ndi masikuluwu kuti awiriwo amere pamodzi. Ululu umachepa, koma malo amenewo sapindikanso, ndiye ntchito yawo imagwera mafupa oyandikana nawo, amene amayamba kutha msanga. Edge anachitidwa zimenezi mu 2003, ndipo mu 2011 njira ya mtsempha m'khosi inali itachepa moti manja ankachita dzanzi, madokotala n'kumuletsa. Anadzabwerera mu 2020 atachitidwanso opaleshoni ina. Chizindikiro chake n'chosavuta kusiyanitsa: moto kapena dzanzi lotsika mkono umodzi nthawi zambiri ndi mtsempha umodzi wapanikizika, koma likagwira manja onse awiri kapena miyendo, ndiye kuti ndi mtsempha waukulu uja.

Ku ubongo, anthu amalakwitsa poganiza kuti wovulala ndi yekhayo wakomoka. Ayi. Ubongo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza, mutu ukaima mwadzidzidzi iwo umapitirira n'kukagunda fupa. Munthu amatha kuimirira, kumaliza ndewu, koma osakumbuka chimene chachitika. Choopsa kwambiri ndi kugundidwanso koyambako kusanapole. Mipando ija ndi yachitsulo ndithu. Pamsana, mbali yafulati ndi imene imamenya ndipo mphamvu imamwazikana, koma m'zaka za m'ma 1990 kuilandira pamutu osatchinga ndi manja kunkaonedwa ngati uchamuna. Foley anailandira ka 11 pa Royal Rumble ya 1999, manja atamangidwa unyolo kumbuyo. WWE inadzaletsa kumenya mpando pamutu mu 2010.

Chimene chinasintha zinthu ndi tsoka la mu Juni 2007, pamene Chris Benoit anapha mkazi wake ndi mwana wawo wa zaka 7 kenako n'kudzipha. Ubongo wake anaupempha ndi a bungwe la Chris Nowinski, yemwe nayenso anasiya wrestling mu 2003 chifukwa cha kuvulala m'mutu. Anaupeza ndi matenda a CTE, pamene puloteni yotchedwa tau imaunjikana n'kumapha maselo a ubongo, ndipo Dr Julian Bailes anaufanizira ndi wa nkhalamba ya zaka 85 yodwala Alzheimer's. Benoit anali ndi zaka 40. Ndichenjeze pano: kunena kuti CTE yokha ndi imene inapha banja lija n'kuphweketsa nkhani, chifukwa ambiri opezeka nayo sanapwetekepo munthu. Komanso CTE imatsimikizika munthu atamwalira kale, palibe sikani yoti wamoyo akaitenge n'kudziwa motsimikiza.

Pali kuvulala kwina kwa msangamsanga. Katsuyori Shibata mu Epulo 2017 anagunda Kazuchika Okada ndi mutu weniweni, chigaza pa chigaza. Anamaliza ndewu, anayenda n'kutuluka, kenako anakagwa kuseri. Magazi anali akuchucha pakati pa ubongo ndi chikopa chake, ndipo anapulumukira opaleshoni ya mwadzidzidzi.

Gondwe_wa_ku_Joni

Mayi Naphiri ndi bambo Kalua, zonsezo n'zoona, koma osewera rugby nawo amathyoka makosi ndi mawondo. Chimene chinadzaza manda mu wrestling ndi kayendetsedwe ka ntchitoyo.

Choyamba, kulibe nyengo yopuma. Mpira uli ndi miyezi yoti thupi lipole, WWE imaonetsa sabata iliyonse chaka chonse. M'zaka za m'ma 1980 ena ankakhala paulendo masiku pafupifupi 300 pachaka: kumenya usiku, kuyendetsa galimoto maola angapo kupita mzinda wina, kugona pang'ono, kukanyamula zitsulo, kumenyanso. Msana umene wangomenyetsedwa pa matabwa n'kuukhazika pampando wa galimoto usiku wonse, m'mawa umadzuka utauma.

Chachiwiri, pa pepala wrestler wa WWE si wantchito wolembedwa. Ali ngati waganyu, kungoti waganyu ameneyu saloledwa kukagwira kwina popanda chilolezo. Kampani imalipira chithandizo cha kuvulala kwa mu ring'i, koma penshoni palibe, inshulansi ya umoyo ndi yako, ndipo kwa zaka zambiri hotelo ndi galimoto yobwereka zinkatuluka m'thumba mwako. Bungwe loimira osewera kulibe. Jesse Ventura anayesa kuliyambitsa mu 1986 koma sizinapite patali. Kale malipiro ankadalira kwambiri kuti waoneka kangati komanso uli pati pa ndandanda ya usikuwo, ndiye kukhala pansi mwezi umodzi kunali kupereka malo ako kwa wina. Ngakhale m'zaka za pambuyo pake, Finn Bálor anapambana lamba wa Universal pa SummerSlam ya 2016 phewa litaguluka, m'mawa mwake n'kuubweza. Apa ndi pamene mungamvetse chifukwa chake Kurt Angle analowa mu WrestleMania ya 2003 khosi lili lovulala kale, kapena Cody Rhodes mu Juni 2022 mnofu wa pachifuwa utaduka, theka la chifuwa litada bii ndi magazi oundana. Anthu amawombera m'manja zoterezi, ine ndimaona kuti ndi matenda a ntchitoyi.

Chachitatu chimatuluka m'ziwirizi: mapiritsi. Opha ululu monga Vicodin ndi oxycodone kuti ukwere mu ring'i, ofewetsa minofu otchedwa Soma kuti ugone, mowa pamwamba, kenako china chokudzutsa m'mawa. Thupi limazolowera, mlingo umakwera. Angle ananena yekha kuti anafika pomwa mapiritsi a Vicodin 65 patsiku. Vuto n'loti opha ululu amtunduwu, Soma ndi mowa, zonse zimachedwetsa kupuma, ndiye zikaphatikizana munthu amangogona osadzukanso. Louie Spicolli anafa motero mu 1998 ali ndi zaka 27, Soma ndi vinyo. Andrew Martin, uja ankati Test, anafa mu 2009 ali ndi zaka 33 chifukwa cha oxycodone, ndipo nayenso anamupeza ndi CTE.

Masteroid amapha mwakachetechete. Amakulitsa minofu yonse kuphatikizapo mtima, khoma la mtima limakhuthala n'kuuma, BP imakwera, mafuta oipa amachuluka m'magazi, mitsempha ya mtima imatsekeka munthu akadali mnyamata. Minofu imakulanso mofulumira kuposa mitsempha yoimangirira ku mafupa, ndiye kuduka kumaphweka. Ukasiya, thupi limakhala litaleka kupanga mahomoni ake achimuna, munthu amafooka n'kugwa mphwayi, ndiye amabwererako. Dokotala George Zahorian anamangidwa mu 1991 chifukwa chogulitsa mankhwalawa kwa osewera, Vince McMahon anazengedwa mlandu mu 1994 koma khoti silinamupeze wolakwa. Onani mndandanda wa mitima imene inaima: Brian Pillman zaka 35, Davey Boy Smith 39, Rick Rude 40. Eddie amene mwamutchulayo anali atasiya mowa ndi mankhwala kwa zaka zingapo pamene anapezeka atafa mu hotelo ku Minneapolis mu Novembala 2005, koma mtima unali utakula kale ndipo mitsempha yake itachepa.

Imfa imeneyo ndi imene inabala ndondomeko yoyeza osewera mu Febuluwale 2006: akakupeza koyamba umaimitsidwa masiku 30, kachiwiri 60, kachitatu ntchito yatha. Amayezanso mtima, ndipo n'kumene wrestler wotchedwa MVP anapezeka ndi vuto la kagundidwe ka mtima mu 2007 asanadziwe n'komwe. Kuyambira 2007 kampani imalipirira amene anagwirapo ntchito kumeneko akafuna chithandizo chosiyira mankhwala, ndipo posachedwapa yachepetsa ndewu zosaonetsedwa pa TV. Zinthu zasinthadi. Koma izi ndi za pamwamba. M'makampani ang'onoang'ono munthu amagwa chimodzimodzi, malipiro osakwana n'komwe mafuta a galimoto, dokotala palibe.

Za kunyumba sindinena zambiri: bambo wosowa pakhomo chaka chonse, maukwati otha, ndi munthu amene wakhala zaka 20 akutchedwa dzina la sewero n'kudzapezeka ali ndi zaka 45, thupi latha, ntchito ina saidziwa. Masiku ano kwawonjezeka chipongwe cha pa intaneti. Hana Kimura wa ku Japan anadzipha mu Meyi 2020 ali ndi zaka 22 atanyozedwa koopsa chifukwa cha pulogalamu ya pa TV, ndipo mu 2022 Japan inakhwimitsa chilango cha kunyoza anthu pa intaneti.

Chisomo_Ndirande

Zikomo kwambiri nonse. Ziwiri zatsala. Magazi aja amakhala enieni? Ndipo ana m'makwalalamu akuponyana ma RKO ndi ma suplex pa dothi, wina akagwera mutu tizitani?

Bambo_Kalua

Enieni, achimwene. Kale ankadula kachidutswa ka lezala, n'kukabisa mu tepi ya pamkono kapena kupatsira lefali. Munthu akamenyedwa n'kugwa chafufumimba, kamera ili kwina, ankadzicheka pamphumi cha m'munsi mwa tsitsi. Pamenepo pali timitsempha tambiri, ndipo magazi akasakanikirana ndi thukuta amaoneka ochuluka. Zimalakwika ukazamitsa n'kudula mtsempha waukulu, monga zinachitikira Eddie Guerrero pa Judgment Day ya 2004, pamene anataya magazi ambiri mpaka kuthamangira naye kuchipatala. Palinso kupatsirana matenda a chiwindi, ndi zipsera zakuya zonga za pamphumi pa Abdullah the Butcher. WWE inaletsa mchitidwewu mu 2008, koma makampani ena akuchitabe. Mukafuna kudziwa kuti zavuta zenizeni, yang'anani lefali: akapingasa manja m'mwamba ngati X ndiye kuti akuitana achipatala, ngakhale nthawi zina chizindikirochi amachilowetsanso m'sewero.

Naphiri_BT

A Gondwe, pa mapiritsi ndikuvomera kuti kwasintha, koma pa khosi ayi. Kudumphira kunja kwa ring'i ndi kugwetsana pa apron, zimene kale zinali za apo ndi apo, lero zili pafupifupi m'ndewu iliyonse.

Za anawo, a Chisomo: dothi silinepa, ndipo wonyamulayo sanaphunzire kuteteza mutu wa mnzake. Mwana akagwera mutu n'kumadandaula khosi, dzanzi, kapena akulephera kusuntha dzanja kapena mwendo, musamudzutse, musamukhazike, musamukoke khosi kuti muwongole, ndipo musamupatse madzi. Munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri m'mbali mwa makutu, osausuntha. Ngati ambulansi palibe, pezani chitseko kapena thabwa lalikulu, anthu atatu kapena anayi amutembenuze nthawi imodzi, mutu, mapewa ndi chiuno zikuyendera pamodzi, wa kumutuyo ndi amene aziwerenga. Ikani nsalu zopindapinda mbali zonse za mutu, mumumangirire ku thabwalo, ayende chogona, osati pa kabaza. Akayamba kusanza, pendeketsani thabwa lonse, osati mutu wokha. Mphindi zoyambazi n'zofunika. Perro Aguayo Jr. ku Tijuana mu Malichi 2015 anakhala atatsamira zingwe khosi litathyoka kwa mphindi ngati ziwiri ndewu ikupitirira, pamene Jerry Lawler, mtima wake utaima pa Raw ku Montreal mu 2012, anapulumuka chifukwa dokotala anali pambali pomwepo.

Ngati wadzuka n'kumayenda, musakhutire msanga. Asasewerenso tsiku limenelo, ndipo kwa maola 24 mpaka 48 pakhale wamkulu womuyang'anira. Kusanza mobwereza, mutu wonkirankira kupweteka, tulo tovuta kumudzutsa, kulankhula zosokonekera, kugwa ngati wakhunyu, kamwanadiso kamodzi kukula kuposa kanzake, kapena madzi otuluka m'mphuno kapena m'khutu, chilichonse mwa izi ndi chipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Za ululu mupatseni Panado. Aspirin ndi Brufen zisiyeni masiku oyambawo, chifukwa ngati mkati mukuchucha magazi zimawonjezera.